Nkhope ya Abambo, Dzanja la Amalume

Linali Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti, 2 koloko masana, pamene lole yathu inaima pageti la esiteti ina ya fodya kuseri kwa Mitundu. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Achemwali anga a Tiyamike anali atangodalitsa ukwati wawo ndi mnyamata wa ku Nathenje, ndipo tinapita kumeneko kukajambulitsa, poti kunali kapinga wobiriwira pamene kwina konse kunali fumbi lokhalokha.

Wojambula anali bambo wamfupi, wolongolola. Anayamba ndi akwati.

"Mayi, tsamirani pachifuwa pa amuna anu. Musaope, ndi anuanu, abusa asainira!"

Achemwali anangoti zyoli, chifukwa anamkungwi anawalangiza kuti mkwatibwi saonetsa mano. Wojambula ankafuna mano omwewo. Anawakhazika pansi, nawadzutsa, nawazungulitsa mtengo wa maluwa ofiira, mpaka alamu thukuta kamukamu.

Kenaka anaitana ife a kuchikazi. Abambo athu anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo, ndipo amene ankatilera anali amalume a Lefani, mlongo wawo wa amayi. Amalume anali ndi chala chimodzi chachifupi kudzanja lamanja, chimene chinadukira pa jeke yodindira fodya. Tsikulo anavala jekete yakuda yobwereka.

Wojambula anawaimika pafupi ndi mkwatibwi, ine patsogolo pawo. Anawawongola mapewa ndi khosi nthawi yaitali kuposa wina aliyense.

"Mutu usapendeke, bambo. Koma nkhope musavutike nayo, kaya mutsinzina, zili kwa inu."

Anthu anaseka. Amalume sanaseke, ndipo amayi anayang'ana kumbali. Ine zinandidabwitsa, poti tonsefe ankatikalipira kuti timwetulire. Amalume anaika dzanja paphewa panga, ndipo ndinamva kachala kaja kakundikanikiza.

Patapita masabata atatu, achemwali anabwera kuchokera ku Nathenje ndi chithunzi chachikulu cha m'galasi. Amayi atachiona anakhala pansi nayamba kulira. Ndinasuzumira pambali pawo. Pamene panaima amalume panali abambo. Abambo enieni, ndi chipsera chawo chapachipumi, atavala jekete yakuda, dzanja lili paphewa panga.

Tsiku lija sindinacheuke ngakhale kamodzi. Kodi kumbuyo kwanga kunali yani?

"Amayi, kodi abambo anabwera ku ukwati?"

"Iwe, usandifunse zopanda mutu."

Achemwali anati, "Ndi za pa kompyuta izi," ngati kuti ine kompyutayo ndinkaidziwa. Mayi wina woyandikana nafe anachiyang'ana, napukusa mutu. "Ogona sadzutsidwa chonchi," anatero, natuluka.

Mawu amenewo ndiwo anandisokoneza kotheratu. Ndinaganiza kuti ngati wakufa walowa pamalo pa wamoyo, ndiye kuti asinthana, ndipo amalume ndiwo atsala pang'ono kupita kumanda. Nanga tikanadya chiyani? Nanga ndani akanandinyamula panjinga ndikadwala malungo? Amayi atapachika chithunzicho pakhoma, ndinakwera pampando n'kuwerenga zala za paphewa panga. Zinayi zazitali, chimodzi chachifupi. Abambo anali ndi zala zonse.

Dzuwa litapendeka amalume anafika kuchokera kudimba, matope ali m'miyendo. Anaima patsogolo pa chithunzicho nachiyang'anitsitsa. Ine ndinali mwana wamanyazi, mpaka lero ndikadali choncho, koma mantha anaposa manyazi.

"Amalume, inuyo muli pati?"

Analoza dzanja lija. "Ndine uyu."

"Ndiye mumwalira?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Atakhala pansi anandifotokozera pang'onopang'ono. Achemwali ndiwo anadandaula kuti abambo sadzaoneka pa ukwati wawo. Amayi anapereka chiphaso chovotera cha abambo, pomwe panali kachithunzi kawo kokhako. Wojambula anatenga nkhope pamenepo, koma ankasowa thupi loti aiikepo.

"Jekete ndinabwereka kwa aphunzitsi," anatero amalume, "thupi ndinabwereketsa kwa alamu anga. Zonse zinabwerera kwa eni ake."

"Sizinakupwetekeni?"

"Zinandipweteka ndi nsapato basi."

Anatero akumwetulira, koma maso awo anabwerera kukhoma kuja. Ndinamva pambuyo pake kuti pa moyo wawo wonse anali asanajambulitsepo atavala jekete, ndipo sanadzajambulitsenso.

Lero ndili ndi mwana wa zaka ziwiri. Sukulu ndinalekeza Sitandade 5, ndiye zambiri sindizidziwa, ndipo mpaka pano sindinganene ngati achemwali analakwa kapena ayi. Ndikayang'ana nkhope ya abambo ndimakondwa kuti ilipo, chifukwa chiphaso chija chinadyedwa ndi chiswe. Ndikayang'ana dzanja ndimachita manyazi. Chimene ndinamvetsa n'chakuti pakhomo pathu zinthu zinali kale monga momwe zilili pachithunzipo. Dzina lotchulidwa linali la abambo, olira ankalira abambo, koma dzanja lolima, lolipira kuchigayo, logwira phewa la mwana, linali la munthu wina amene sitinkamuyang'ana nkhope. Alendo akabwera amati, "Abambo anu anali aatali bwino." Abambo anali aafupi.

Nthawi imeneyo zonsezi sindinkatha kuzinena. Ndinkangodziwa kuti pali chinachake chosowa. M'mawa mwake, amayi atapita kumjigo, ndinakweranso pampando paja n'kutsitsa chithunzicho. Ndinachivundikira pamphasa, ndinanyambita pensulo yanga yakusukulu, ndipo kuseri kwake ndinalemba ndi zilembo zokhotakhota: "Dzanja ndi la amalume a Lefani." Kenaka ndinachipachikanso, chopendekeka pang'ono.