Mizere itatu imene ndinakana kulemba

Achimwene, lero pulogalamu yathu ya pakompyuta yozindikira matenda a kachewere yakana kuyenda chifukwa fayilo imodzi ya header, ija imene mafayilo ena amaiitana, yalowa kawiri. Ndakumbukira masana aja ku Tsangano, titakhala pamatumba a mbewu, pamene munandiuza kuti ndilembe mizere itatu ya #ifndef, #define ndi #endif kuti fayiloyo iziwerengedwa kamodzi kokha, ngakhale mafayilo angati aiitane. Ndinakutsutsani mwaukali kuti kumeneko n'kutaya nthawi. Munangoseka n'kunena kuti, "Iwe loya iwe, udzandifuna."

Ndakufunani lero, patatha chaka chimwalirireni inu. Mawa ndikaonetsa pulogalamuyi kwa aphunzitsi, ndipo ndimaopa kuti ntchito yanu ifera m'manja mwanga. Mizere itatu ija ndailemba, pulogalamu yayenda. Mtsutso uja mwapambana, achimwene, koma palibe wondiseka.