Raketi Yoti Ndikulire Momwemo

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene adadi anandibweretsera raketi ya tenisi. Inali yakuda, ya anthu akuluakulu, ndipo inafika m'nyumba mwathu patangotha mwezi amayi ataikidwa m'manda.

Nthawi imeneyo tinkakhala ku Dubai, dera la Satwa, m'chipinda chimodzi pamwamba pa shopu ya matelala. Nyumbayo tinalimo mabanja anayi, lililonse chipinda chake, khitchini ndi bafa zogawana. Adadi ankayang'anira alonda pa hotela ina ku Garhoud. Amayi anali atapita kwathu ku Dedza kukadwazika agogo, ati milungu itatu basi abwerako. Ali komweko ndege zinaima chifukwa cha korona. Agogo anachira bwinobwino. Amene anapita ndi amayi.

Kumaliro sitinapite. Tikanadzera kuti? Amalume anatitumizira timavidiyo titatu pa foni. Munali anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi akutsitsa bokosi, achibale ataima poteropo, mphepo ikuwomba moti nyimbo sinkamveka n'komwe. Ndinaonera tonse titatu, kenako ndinapita kukatsuka mbale chifukwa inali nthawi yathu ya khitchini. Sindinalire. Azimayi a kutchalitchi ankaimba foni n'kumati, "Koma mwana uyu ngolimba mtima," ine n'kumati zikomo. Kunena zoona sikunali kulimba mtima ayi. M'kati mwangamu munangochita dzanzi, ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali.

Adadi nawo sindinawaonepo akulira. Ankapita kuntchito, kubwerako, kusamba, kuchapa masiki awo n'kuyanika pawindo. "Wadya?" Ine, "Ndadya." Khalas, nkhani yathera pomwepo. Masilipasi a amayi anakhalabe kuseri kwa chitseko, ndipo tonse awiri tinkawalambalala posesa.

Raketi ija inabwera chonchi. Ndege zitatsala pang'ono kuima, alendo a pahotela anathawa mwaliwiro n'kusiya katundu wambiri. Patapita miyezi eni ake osabwera, mabwana anauza antchito kuti aliyense atenge chinthu chimodzi. Anzawo anatenga masutikesi, ena mawotchi. Panali ndi nsapato zachikopa za saizi yawo yeniyeni, pamene zimene ankavala zinali zitang'ambika kuchidendene. Iwo anasiya nsapatozo n'kupita pamene panali maraketi atatu.

Madzulo ake anandifotokozera mmene anasankhira, ndipo aka kanali koyamba kuwamva akulankhula mawu ambiri chichitikireni maliro. Ati ina inali yaing'ono, ya ana. Ina inali yamutu waukulu koma yopepuka ngati chibekete chopanda kanthu. Anazinyamula zonse, kuziyeza m'manja mmene munthu amayezera khasu pamsika, n'kutenga yolemera kwambiri.

"Chinthu cholemera ndiye cholimba," anatero. "Zinazo ukanazitaya chaka chamawa. Iyi ukulira momwemo."

Aliyense wakwathu akuwadziwa mawu amenewa. Yunifomu yanga ya sitandade wani inkafika m'miyendo mpaka kukakolo. Nsapato zanga zonse zinayamba moyo wake zili ndi mapepala kutsogolo. Ndiye adadi sanachite chachilendo chilichonse. Anandigulira tsogolo mmene makolo athu amachitira, kungoti ulendo uno sichinali chovala.

Kuseri kwa nyumba yathu kunali bwalo lamchenga loimikapo magalimoto, ndi khoma lalitali la sitolo imene inatsekedwa. M'mamawa uliwonse, dzuwa lisanayambe kulusa ndiponso makalasi a pa intaneti asanayambe, ndinkatsika ndi raketi ndi timipira tiwiri tothothoka ubweya. Ndinkamenya khomalo. Palibe anandiphunzitsa kagwiridwe, ndinkangoonera pa foni n'kumatsanzira. Mpira unkagunda m'mphepete mwa raketi kawirikawiri kuposa pakati, ndipo ukatero chinthu chonse chinkanjenjemera mpaka m'mano. Telala wina wachikulire wa ku Pakistan ankati akamatsegula shopu n'kukuwa mondichemerera m'chilankhulo chakwawo, "Shabash!" Ine ndinkangopitiriza kumenya.

Chigongono chinayamba kuwawa sabata yoyamba yomwe. Poyamba kanali kaululu kakunja kwa fupa, komveka ndikamaliza kusewera. Pofika mwezi wachiwiri kanali katatsikira kudzanja. Botolo la madzi linkandikanika kutsegula. Zovala ndinkafinya ndi mawondo. Ndinaphunzira kutakasa tiyi ndi kutsuka mano ndi dzanja lamanzere, ndipo polemba ndinkapumira pa mzere uliwonse. Zonsezi ndinkachita adadi akatembenuka.

Mwina mufunsa kuti bwanji sindinanene. Chifukwa chake chinali pawindo. Tsiku lililonse asananyamuke kupita kuntchito, adadi ankaima pawindo la chipinda chathu atagwira kapu, kundiyang'ana ndikumenya khoma. Sankamwetulira, koma nkhope yawo inkamasuka pang'ono. Ndinawamvapo akuuza amalume pa foni kuti, "Tiyamike ali bwino, alamu, akusewera tenisi masiku ano." Raketi ija inali chinthu chokhacho chimene anakwanitsa kundichitira chimwalirireni amayi, ndipo anali akuyendabe ndi nsapato zong'ambika chifukwa cha iyo. Ndikanayamba bwanji kuwauza kuti ikundipweteka? Ndinkaopa kuti ndikangotero, kamene kanawagwiriziza kaja kaduka.

Pali chinanso chimene sindinauzepo anthu ambiri. Ululuwo sindinkadana nawo. Chakudya sichinkakoma, nyimbo sizinkandigwira, aphunzitsi pa kompyuta ankangoyasamula milomo. Koma mpira ukagunda m'mphepete, chigongono n'kuti lasu, pamenepo ndinkadziwa kuti thupili ndi langa.

Kutayamba kuzizira, cha kumapeto kwa chaka, mabwalo a tenisi a pahotela anatsegulidwanso. Tsiku lina lopuma adadi anati ndivale, tipite akandionetse kwa ba Tembo. Awa anali bambo wachikulire wa ku Zambia, wa imvi, amene ankaphunzitsa ana a alendo komanso kumanga zingwe za maraketi. Adadi ankayembekeza kuti akandiona mmene ndikumenyera, mwina andilola kulowa m'kalasi la ana la Loweruka. M'basi monse anafukata raketi ija pamiyendo, ataipukuta ndi kansalu mpaka kuwala.

Bwalo lenileni ndinali ndisanapondepo. Linali lobiriwira, losalala, lonunkha mphira, ndipo ndege zinkadutsa pafupi kwambiri pamwamba pathu. Ba Tembo anatipatsa moni wa chigongono monga ankachitira anthu masiku amenewo. Ine ndinapereka chamanzere. Anayang'ana raketi, n'kundiyang'ana ine.

"Yalla, mwana wanga, tiye tione," anatero, n'kuyamba kundiponyera mipira.

Mipira yawo inali yatsopano, yolimba, osati yanga yothothoka ija. Woyamba ndinaubweza. Wachiwiri unapita kumwamba. Wachisanu unagunda m'mphepete, dzanja langa linangotseguka lokha, raketi n'kugwa pansi kuti phwa. Ndinaitola. Mpira wotsatira inagwanso.

Ba Tembo anawoloka neti. Anandiuza kuti nditambasule mkono kutsogolo raketi ili m'manja, iwo awerenga mpaka makumi awiri. Anafika pa sikisi mkono uli gwedegwede. Anailanda raketi, n'kundigwira chigongono ndi chala chachikulu, pafupa penipeni paja. Sindinakuwe, koma ululuwo sunabisike.

"Ba Phiri," anaitana adadi, "iyi raketi munaitenga kuti? Iyi ni ya bakulu, baja bamene basewela zaka na zaka."

Anawafotokozera mofatsa, akuloza ndi chala. Ati munthu wongoyamba kumene samenya pakati, ndiye amafunika raketi yopepuka, yamutu waukulu, yoti imukhululukire akaphonya. Yakudayi mutu wake ndi waung'ono, zingwe zake anazikoka zolimba, ndipo mpira ukaphonya pakati nkhonya yonse imathera m'mkono. Anandigwiritsanso chogwirira n'kuonetsa adadi mmene zala zanga zinkalepherera kuzungulira. Ati chogwirira chikakula, mwana amafinya ndi mphamvu zonse kuti chisapulumuke, ndipo minofu imatopa isanayambe n'komwe ntchito.

"Ine ndimati akulira momwemo," anatero adadi ndi mawu otsika.

"Awe, ba Phiri, raketi si yunifomu. Azakula bwanji na mkono wakufa?" Kenako anatembenukira kwa ine. "Iwe, unayamba liti kumvela kuwawa?"

Ndinayang'ana neti. Ndinaganiza zonena kuti dzulo. Koma chala chawo chinali chitabwereranso pachigongono panga, ndipo munthu amene wagwira potupa sunganamize.

"Sabata yoyamba," ndinatero.

"Yoyamba ya mwezi uno?"

"Yoyamba imene anandipatsa."

Inali miyezi inayi. Adadi sindinawayang'ane kumaso, ndinangoona nsapato zawo. Ba Tembo anapukusa mutu n'kuseka pang'ono, kuseka kwa munthu wofuna kupeputsa nkhani. Za amayi sankadziwa, adadi anali asanauze aliyense kuntchito kupatula bwana wawo.

"Mwana iwe! Sunamve bakulu bakamba kuti ukabisa matenda, malilo tizamva?"

Ndege ina inadutsa, ndipo tinaima chomwecho mpaka phokoso lake litatha. Ba Tembo anayang'ana adadi, n'kuyang'ana ine, ndipo ndikhulupirira anazindikira kuti aponda penapake. Analowa m'kachipinda kawo n'kutulukamo ndi raketi yabuluu, yakale, yosupuka utoto m'mphepete. Anandipatsa. Inali yopepuka moti ndinadabwa kuti kodi tenisi imene anthu amasewera ndi imeneyi. Anati yakudayo aisunga, ndikadzaifika adzandiuza okha, koma ngakhale yabuluuyo ndisaigwire milungu isanu ndi umodzi, ndipo mawa lomwe adadi andipititse kuchipatala.

Pobwerera tinakhala m'basi mpando umodzi uli pakati pathu, chifukwa anali atamatapo chipepala choletsa kukhalapo. Tinadutsa mlatho, tinadutsa nyumba zazitali zija, adadi maso ali kutsogolo. Ine ndinkadikira kukalipiridwa, ndipo sindinkaopa n'komwe. Tili pafupi kufika ku Satwa ndi pamene analankhula, osatembenuka, mawu akutulukira m'masiki.

"Amayi ako anandiuza kuti ndi chimfine."

Aka kanali koyamba kuwatchula chichitikireni maliro.

"Masiku asanu ndinkaimba. Tsiku lililonse ankati ndi chimfine chabe, musadandaule, musamuuze mwana. Ndinkamva ndithu mmene ankapumira. Koma ndinasankha kukhulupirira, chifukwa zinali zophweka. Ndikanawauza amalume ako kuti awatengere kuchipatala Lolemba. Anapita nawo Lachisanu."

Kenako anatambasula dzanja kudutsa pampando woletsedwa uja n'kugwira mkono wanga wopwetekawo, mosamala, pansi pa chigongono.

"Tiya, ndinkakuona pawindo ukusisita mkono. Ndinkakuona, mwana wanga. Ndachitanso zomwe zija." Anatembenuka n'kundiyang'ana. "Usadzandiuzenso kuti uli bwino pamene suli bwino. Ndakupempha. Kachiwiri sindingapirire."

Ndikanakonda kunena kuti ndinalira pomwepo, koma ayi. Ndinangoti, "Chabwino, adadi." Tinatsika, tinagula mkate, tinakwera masitepe. Kulira kunabwera patapita masiku atatu, masana, ndikumangidwa bandeji, ndipo nesi anapepesa poganiza kuti wandifinya kwambiri.

Mkono unachira, ngakhale mpaka lero nyengo yozizira umandikumbutsa. Tenisi ndimasewerabe, ndipo m'kalasi la ba Tembo ndinalowa chaka chotsatira. Koma chimene ndikumvetsa tsopano, ndili munthu wamkulu, si cha maraketi chokha. Kwathu timati kubisa ululu ndi ulemu, ndi kumvera chisoni amene amatikonda. Amayi anatero, inenso ndinatero, ndipo tonse tinkaona ngati tikuwateteza adadi. Sitinawateteze. Tinawalanda mpata wochitapo kanthu nthawi ikadalipo, n'kuwasiyira mlandu woti adziimbe okha moyo wawo wonse.

Adadi akadali ku Dubai, ine ndili kuno kumudzi pasukulu. Amaimba Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi. Chilichonse chimene chikuwawa ndimawauza, ngakhale litakhala dzino.