Thanthwe limene linakana a Chiphwanya

A Chiphwanya ankakhulupirira kuti chinthu chilichonse chimamva chikamenyedwa. Wailesi ikayamba kulira ngati yagwidwa chimfine, khofi. Chitseko chikatupa ndi mvula, theche. Ana awo anaphunzira kuwerenga nkhope ya bambo awo asanaphunzire kuwerenga buku, ndipo akazi awo ankadziwa kuti kapu ikagunda patebulo mwamphamvu, ndi bwino kukapeza chochita panja. Munthu wotereyu anapeza ntchito yomuyenera ndithu: ankayendetsa chikatapila cha nyundo pamalo oswa miyala.

Nyundoyo sinali ya m'manja ayi. Chinali chichitsulo chotalika kuposa munthu, chomangidwa kumkono wa katapila, chokankhidwa ndi oyilo wothamanga m'mapaipi. Kunsonga kwake kunali tchizulo yonenepa ngati ntchafu. Mabomba akagumula phiri, pankatsala matanthwe okanika kulowa m'chigayo cha miyala, ndipo amenewo ankadikira a Chiphwanya. Akaponda chopondera, pansi pankanjenjemera, fumbi n'kukwera, mano n'kumagundana m'kamwa. Iwo mtima unkakhala m'malo. Anakhala pampando umenewo kuyambira ndevu zili zakuda mpaka makutu anayamba kugontha, manja n'kumanjenjemera okha. Kuwachotsa pamenepo kunali kuwaika m'manda ali moyo.

Koma nyundoyo inkamwa dizilo mopanda ulemu. Tsiku lina kapitawo ananena poyera, anthu onse akumva, kuti zikapitirira chotero mpandowo upita kwa wina.

Amene anauzidwa kuti achepetse ludzu la nyundoyo anali makaniko wa pamalopo, mlongo wa akazi awo. Anali munthu wochepa thupi, wa pakamwa poyabwa, yekhayo amene ankatha kuwaseka a Chiphwanya n'kubwerera kwawo ndi mano onse. Anamasula nyundo yonse, n'kusintha malabala amene ankadontheza oyilo. Anapopa gasi m'chibotolo cha pamwamba, kuti chitsulo chikadumpha pamwala, mphamvu yobwererayo isamatayike koma izithandiza kumenya kotsatira. Kenako anatsitsa liwiro la injini.

"Alamu, makina ndakonza, chatsala n'kukonza inuyo," anatero makaniko, akuchita kukuwa kuti amveke. "Tchizulo iziima chilili. Kanikizani kaye, kenako menyani pang'ono. Mwala ukakana musalimbane nawo, sunthani mukayambire m'mphepete. Mukamenya pamodzimodzi mukungophika oyilo basi. Nanga zija mumamenya m'malere tchizulo isanakhudze mwala, mphepo inakulakwirani chiyani?"

"Mwaithena nyundo yanga, alamu," anayankha a Chiphwanya. "Tamvani mmene ikulirira. Ngati munthu akugogoda pakhomo la apongozi."

"Phokoso si mphamvu. Likanakhala mphamvu, bwenzi inu muli bwana pano."

Anthu anafa nalo phwete. A Chiphwanya anatola sipanala n'kuigenda. Inadutsa pafupi ndi khutu la makaniko n'kukapinda mgolo wa oyilo, ndipo kuseka kunathera pomwepo. Madzulo a tsiku limenelo mbale zinasweka kunyumba.

Chowawa kwambiri chinali chakuti mlamuyo ankanena zoona. A Chiphwanya atayesa njira yakeyo, mano atakukuta, miyala inkang'ambika msanga, oyilo osatentha, dizilo n'kumagona m'thanki. Kapitawo anasiya kuwayang'ana ndi diso lofiira. Munthu wina akanamugulira mlamu wake kenakake kozizira. Iwo ankangomva ngati wina wawamanga manja kumbuyo.

Ndiye linabwera thanthwelo. Linali lakuda bii, lalikulu ngati kachipinda, ndipo linatseka njira ya malole dzuwa lili paliwombo. Madalaivala anayamba kuliza mahutala. A Chiphwanya anaika tchizulo pakatikati n'kuponda. Thanthwe linangotulutsa kafumbi. Anapondanso. Palibe. Magazi anawira. Anakweza injini mpaka pamapeto, n'kukhazika phazi pachopondera osalichotsanso, akulitukwana thanthwelo ndi makolo ake omwe. Tchizulo inaboola dzenje, nsonga yake ikufuka utsi, fungo la oyilo wopserera litadzaza paliponse. Kenako inakanirira m'dzenjemo.

Aliyense woyendetsa nyundo amadziwa kuti tchizulo saikanulira mwala ngati mgwala. Aliyense anachitapo zimenezo tsiku limene anapsa mtima. A Chiphwanya anakoka chogwirira kuti akanule.

Makaniko anali atamva kulira kwa injini ali kugalaja, ndipo anabwera chothamanga, akukupiza chipewa, akukuwa. Mawuwo a Chiphwanya sanawamve, zimenezo n'zoona. Koma munthuyo anamuona bwinobwino m'fumbimo, ndipo anayang'ana kumbali n'kukokanso.

Tchizulo inathyoka ndi mkokomo wa mfuti. Chibenthu chonga nkhonya chinauluka n'kumupeza makaniko kumaso. Anazungulira kamodzi n'kugwa chafufumimba pamiyala, miyendo ikuphiriphitha. Paja amati samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu. Amene anapeka mwambiwo anaiwala kunena kuti nthawi zina nkhwangwayo imatera m'mutu wa wina.

A Chiphwanya analumpha pansi injini ikulirabe. Atamutembenuza, tsaya lamanzere panalibe, panali nyama ndi fumbi, mano ena ali pamalaya. Anamunyamula okha, akukankha aliyense wofuna kuthandiza. Dalaivala wa lole atachedwa kuliza galimoto, anamuwomba mbama ya kumbuyo kwa dzanja, magazi a mlamu wawo n'kutsala pankhope ya munthu wosalakwayo.

Kuchipatala diso analichotsa, chibwano n'kuchimanga ndi mawaya. Makaniko atayamba kuyankhula, kapitawo anabwera kudzafunsa chimene chinachitika. A Chiphwanya anali ataima kumiyendo kwa bedi, akudziwa kuti mpando wapita. Akazi awo anali atakhala pambali, akumwetsa mlongo wawo madzi ndi supuni.

"Tchizulo ija inali ndi mng'alu kale," anatero makaniko, mawu akutulukira m'mipata ya mano. "Ndinauona koma sindinaisinthe. Wolakwa ndine, bwana."

Kapitawo anapukusa mutu, anapepesa, n'kutuluka.

"Alamu," anayamba a Chiphwanya.

"Musandithokoze." Diso lotsalalo linawayang'ana osaphethira, ndipo munalibe nthabwala. "Akakuchotsani ntchito muzikhala pakhomo tsiku lonse. Manja anuwo ndimawadziwa. Ndachitira mlongo wangayu ndi ana."

Akazi awo sanadzutse mutu. Anatunganso madzi ndi supuni, n'kupukuta amene anatayikira pakhosi pa wodwalayo.

Sabata yotsatira a Chiphwanya anakwera pampando wawo. Tchizulo inali yatsopano, thanthwe lomwe lija, limene anthu anangolikankhira pambali pa njira, likuwadikira. Palibe amene akanawachotsanso, ndipo zimenezo sizinawakomere ngakhale pang'ono. Anali atazindikira kuti mlamu wawo sanawasiyire mpandowo chifukwa cha ukatswiri. Anawasiyira ngati mmene anthu amamangira galu wolusa kutali ndi ana. Manyazi anawagwira, manyazi enieni, amene anali asanawamvepo chibadwire. Anaimika tchizulo m'mphepete mwa thanthwe, anakanikiza, anaponda pang'ono, misozi ikutsetsereka m'fumbi la m'masaya mwawo.