Wofotokoza Ndi Amuna Anga

Ndili m'kati mwa nkhani imene amuna anga akulemba. Ankhoswe akhala pamkeka masana, ndipo makoma a nyumba yathu ndi mapepala a m'kope.

Amalume akundifunsa: "Mwanawe, banjali lipitirire?"

Ndikufuna kunena kuti "Ndakana," koma pakamwa panga pakutuluka mawu a amuna anga: "Iye anavomera akumwetulira."

"Bambo, ndibwerekeniko cholemberacho," ndikuwapempha amuna anga.

"Mayi, wofotokoza nkhaniyi ndine," akuyankha osadzutsa mutu.

Ndikufuna pothawira, koma chitseko sanachilembe. Ndikukanda khoma ndi chikhadabo kuti ndilembe "ine". Chilembo chapakaticho chikupindika chokha, mawuwo akusanduka "iye".

Ndadzuka kutulo. Pakhonde, amuna anga akuuza mlendo kuti ndagona bwino.