Njereza ya Kumbuyo kwa Chiboliboli

Mundikhululukire poyamba. Ine si mlembi, ndine mphunzitsi chabe wa ana aang'ono, ndipo tsamba lino ndaling'amba katatu ndisanalimbe mtima. Ngati pena ndaphonya, cholakwa ndi changa, si cha amalume anga amene ndikulemba za iwo. Zimene sindinazione ndi maso anga ndawafunsa mobwerezabwereza mpaka anatopa nane.

Amalume anagwira ntchito kukhonsolo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo ntchito yawo inali imodzi yokha: kusamalira chiboliboli chamkuwa chimene chili pakati pa tauni, pomwe misewu inayi imakumana. Anthu ankawatcha a Burashi. Chibolibolicho ndi cha wamalonda wina wakalekale, wandevu, dzanja lina m'thumba, lina likuloza kutali. Kutsogolo kwa mwala umene waimapo analembapo kuti ndiye anamanga chipatala choyamba ndi sukulu yoyamba. Zimenezo n'zoona, ndinafufuza.

M'mawa uliwonse amalume ankatulutsa makwerero m'kachipinda ka zida, n'kukwera ndi ndowa ndi nsanza kukachotsa zitosi za nkhunda pamapewa pa wamalondayo. Akazi awo, azakhali anga, ankawaseka kuti, "Bambo wachitsulo uja mumamusambitsa tsiku ndi tsiku, koma ine msana simunandikhulepo n'kamodzi komwe."

"Ujayu sayankha, n'chifukwa chake timagwirizana," ankatero amalume.

Panali lamulo limodzi limene anawasiyira mkulu amene anawaphunzitsa ntchito. Mbali zitatu za mwala uzitsuka, koma ya kumbuyo ayi. Imeneyo uzingoipaka njereza chaka ndi chaka mvula ikatha, osafunsa chifukwa. Iwo sanafunse. Koma burashi sinkayenda bwino pamenepo, inkangopunthwa, ndipo zala zawo zinadziwa kale zimene maso sanaone. Pansi pa njerezayo panali zosema: timitu ta anthu pamzere, tisanu ndi tinayi, ndi chinthu chowongoka cholumikiza khosi ndi khosi. Sanauze munthu, ngakhale azakhali.

Chaka chatha mkangano unabuka. Ena ankati wamalondayo analemera ndi kugulitsa akapolo, chiboliboli chake chichotsedwe. Ena ankati ndi bodza, palibe umboni. Khonsolo inasankha komiti yoti imve mbali zonse. Amalume tulo anasowa. Kunatsala zaka ziwiri kuti apume pantchito, ndiye chiboliboli chikachoka, a Burashi azitsuka chiyani?

Chimene chinayamba kuwakayikitsa ndi moni wa a kapitawo awo. Munthu amene ankangowaloza ndi chibwano anayamba kuwapatsa moni wa manja awiri, n'kumafunsanso za mwendo wodwala wa azakhali. Patapita masiku kunabwera mdzukulutudzi wa wamalonda uja, mwini sitolo yaikulu ya zitsulo, atanyamula ovolosi yatsopano ndi nsapato zajombo.

"Madala, inu ndi ife ndi banja limodzi," anatero. "Akomiti akakufunsani, mungowauza kuti kumbuyoko ndi mwala wamba. Tsobola wakale sawawa."

Amalume anathokoza n'kuika ovolosiyo pamwamba pa kabati osaivala. Mumtima ankadzifunsa kuti: ndani wamuuza kuti ndikudziwa za kumbuyo? Ngati ndi mwala wamba, jombozi n'zachiyani?

Mayi wina wa magalasi, wa gulu lofuna kugwetsa chiboliboli, naye anabwera ndi mawu okoma. Anawatcha "bambo athu" n'kuwapempha kuti awajambule atagwira nsanza. Amalume anakana. Anaona kuti mayiyo akuyang'ana nsanza, osati nkhope yawo, ndipo sanafunse n'komwe kuti chiboliboli chikagwa iwo apita kuti.

"Onsewa akundinyambita ngati ng'ombe yonenepa," anauza azakhali. "Mawa mpeni."

"Ndiye mwala wanuwo uli ndi chiyani kumbuyoko?" anafunsa azakhali. Amalume anatola chipewa chawo ngati sanamve. Azakhali anawayang'ana n'kunena kuti, "Ohoo. Ndiye kuti zaka zonsezi mumakafunditsa maliro."

Mawu amenewo anawavutitsa sabata yathunthu.

Tsiku la komiti litafika, anthu anasonkhana kutsogolo kwa chiboliboli cha m'ma teni koloko. A kapitawo anaitana a Burashi kuti anene zimene akudziwa. Iwo anafika atavala ovolosi yawo yakale ya zigamba m'mawondo, atanyamula ndowa ya madzi otentha, burashi yawaya ndi kampeni kopalira.

"Ine kuyankhula pagulu sindidziwa," anatero. "Ndimadziwa kutsuka basi."

Anazungulira kumbuyo, anagwada, nayamba kupala. Njereza ya zaka zambiri inkagwa ngati makoko a dzira. Munatuluka mutu woyamba, kenako goli pakhosi pake, kenako mayi wobereka mwana. Osema akale sanabise kanthu, poti masiku amenewo ankaona ngati n'zonyaditsa. Anabisa ndi a pambuyo pake, ndipo pomalizira penipeni amalume anga. Mwini sitolo analowa m'galimoto osatsanzika. Mayi wa magalasi anajambula mwala, koma wopala sanamujambule.

Komiti mpaka lero ikukanganabe. Chiboliboli anachikulunga ndi lona wabuluu, ndipo chokulunga sichifuna wotsuka. Amalume anawasamutsira kudepoti ya mabasi, komwe akusesa makoko a nthochi. Makiyi a kachipinda ka zida anawalanda tsiku lomwelo. Ndikawafunsa ngati akudandaula amati, "Iwe aphunzitsi, mafunso ako ngati wapolisi. Wakutuma ndani?" Ngakhale ine sandikhulupirira kwenikweni.

Mwina ali ndi chifukwa. Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndikupita ndi ana a sukulu pamalo paja, n'kumawawerengetsa mokweza za chipatala ndi sukulu. Njereza ija ndinkaiona, ndipo sindinafunsepo kuti n'chifukwa chiyani mbali imodzi yokha inali yoyera. Kaya chiboliboli chiyenera kukhala kapena kuchoka, sindili woyenera kugamula. Koma teremu ikubwerayi ndipitanso ndi ana anga, ndipo ndapempha kale chilolezo chotukula lona. Tikayambira kumbuyo, awerenge okha timitu tija, kenako tizungulire kutsogolo. Pobwerera tikadzera kudepoti, akapereke moni kwa a Burashi.