Apongozi Anga ndi Diso Lotsala

Zimene ndinataya, motsatana kwake:

Diso lamanzere. Linapita ndi nthambi ya tiyi ndili mwana.
Chipewa chimene ndinabwera nacho kuchokera kukoleji ya mishoni.
Mwana wamkazi, asanapatsidwe dzina.
Mayi wa mwanayo, sabata yomweyo.
Tulo.
Singano ya sikelo.

Chomalizachi chikufuna kufotokoza. Ndinali kalaliki wa sikelo pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, chakufupi ndi Kapichi. Ntchito yanga inali kuima pansi pa shedi, othyola tiyi n'kumakoleka madengu awo pa mbedza, ine n'kumanena pamene singano yaima. Zonse zimene ndinaphunzira kukoleji, Chingerezi, mitsinje ya ku Ulaya, mafumu awo ndi akazi awo, zinathera pa kuyang'ana kachitsulo kamodzi konjenjemera. Tsono diso lamanja, lokhalo lotsala, linayamba kuchita ng'ala. Poyamba ndinkati ndi chiperoni, popeza kwathu kuno nkhungu ndi mnansi. Koma chiperoni sichilowa m'nyumba n'kukhala pankhope pa mkazi wako.

Mkazi wanga ndiye anandikokera kuchipatala cha mishoni, ali ndi pakati. Anali atatopa ndi kundiimitsa pakhomo m'mawa uliwonse kuti andivule malaya amene ndavala motembenuza. Dokotala anali mzungu wamtali wa manja ozizira, ndipo Chinyanja chake anachitola m'mabuku a tchalitchi, moti ngakhale pofunsa za m'mimba ankamveka ngati akulalikira.

"Ng'ala iyi ndikhoza kuichotsa ndi mpeni," anatero.

Ndinafunsa ngati zimatheka nthawi zonse.

"Ena apenya. Ena sapenyanso konse."

"Nanga ndikaisiya?"

"Mudzaona mithunzi kwa zaka ndithu. Pambuyo pake mudzangodziwa kuti kwacha."

Anawonjeza kuti mpeniwo si ndiwo wovuta. Chovuta chimabwera pambuyo: kugona chagada kopitirira sabata, maso omanga, mutu uli pakati pa matumba awiri a mchenga. Osatsokomola. Osayetsemula. Osaseka. Osalira. Bala la m'diso silisokedwa, limangodzigwira lokha, ndipo ukagwedezeka limatseguka, diso n'kukhuthuka. Panafunikanso wachibale wokhala pambali usana ndi usiku kulonda manja ako, chifukwa munthu akagona manja amapita okha kukakanda.

Titabwerera kunyumba mkazi wanga anati tiyeserere. Anandigoneka pamphasa, n'kundipana mutu ndi timatumba tiwiri ta nandolo, n'kundimanga mpango wake kumaso. Kenako anayamba kuyenda m'nyumba monga amayendera manijala wa esiteti, akulankhulira m'mphuno, akudzudzula mtondo chifukwa chofika mochedwa kuntchito. Ndinaseka mpaka nandolo anamwazika.

"Basi, lakhuthuka," anatero. "Akalaliki, inu mudzachita khungu chifukwa cha mano anu."

Tinagwirizana kuti ndidzapite mwana akabadwa, iye adzandilonde ali ndi khanda kumsana. Za sabata imene mwanayo anabadwa sindilemba.

Pamaliro sindinalire. Anthu anaona. Amayi ena anati kukoleji amachotsa misozi pamodzi ndi nsabwe. Ena anati mwina yanga inkatulukira ku diso linafa lija. Ine ndinangoima, manja kumbuyo, ngati ndikudikira dengu lina.

Miyezi yotsatira ndinaigwiritsa ntchito yoopa. Ndinkaopa mwadongosolo, monga munthu wophunzira. M'mawa ndinkaganiza zopita kwa dokotala, masana ndinkaganiza zosiya, madzulo ndinkayeserera khungu kuti likadzabwera lidzandipeze wozolowera. Tsiku lina ndikupita kuchimbudzi chotsinzina ndinagwera m'ngalande ya madzi a mvula, ndipo mlonda wa fakitale anafalitsa kuti kalaliki wayamba kachasu. Ku Masambanjati wamalonda wina wa Chisilamu, munthu wachifundo ndithu, anandipatsa wanja woti ndizipaka m'zikope. Ng'ala sinasunthe, koma kwa sabata yathunthu ndinkaoneka ngati mkwatibwi. Mkulu wa mpingo anandipempherera atandigwira kumutu, kenako n'kundinong'oneza kuti mlamu wake anadulidwa diso ndi mzungu yemweyo ndipo tsopano amayenda ndi ndodo. Sindikudziwa kuti mwa ziwirizo ankafuna nditenge chiti.

Kusikelo nako zinadziwika. Othyola tiyi anayamba kundithandiza kuwerenga. "Akalaliki, yakwera imeneyo! Yafika pamwamba!" Mwezi umenewo aliyense anathyola tiyi wochuluka kuposa amene anamera m'munda. Manijala anandiitana, ndipo polankhulira m'mphuno, ndendende monga ankamutsanzirira mkazi wanga, anati ndisankhe: dokotala, kapena ndituluke m'nyumba ya esiteti.

Anthu onse ankati ndikuopa mpeni, ndipo ndinkauopadi. Koma panali china chimene sindinauze munthu. Kuseri kwa chitseko chathu kunali msomali, ndipo pamsomalipo panali nsalu yabuluu ya mkazi wanga. Ndi diso langa la nkhungu, dzuwa likapendeka, pamalo pajapo pankaima munthu wa msinkhu wake. Ndinkadziwa kuti ndi nsalu. Sindinali wamisala. Koma ndinkatha kudya nditayang'ana uko. Mpeni ukalephera, ndikanataya ngakhale chimenecho. Mpeni ukapambana, ndikanaona nsalu pamsomali. Ndinkafuna njira yachitatu, ndipo kukoleji sanatiphunzitse.

Apa m'pamene apongozi anga akulowa, mayi a mkazi wanga. Iwo anali Alomwe, a makolo ochokera kutsidya kwa malire, ndipo mwambo wa upongozi ankausunga molimba kuposa Sabata. Mkamwini ndi apongozi sayang'anana kumaso, sakhala mphasa imodzi, salankhulana maso ndi maso. Tikakumana panjira iwo ankalowa m'tiyi n'kugwada chofulatira, ine n'kumayang'ana mitambo mpaka titapitirirana. Vuto linali lakuti nawonso ankathyola tiyi pa esiteti yomweyo, ndipo dengu lawo linkayenera kufika pa sikelo yanga. Ankalikoleka atatembenuka, ndipo akakhala ndi mawu ankauza dengulo. Zaka zonse za ukwati wanga ndinkadziwa msana wawo, mpango wawo, ndi kachitini kawo ka fodya wa m'mphuno. Nkhope yawo sindinkaidziwa.

Lamulungu lina masana ndinamva munthu akukhala pansi kuseri kwa khoma langa, kenako kufwenthera kwa fodya.

"Dengu iwe," anatero mawu a apongozi, "tamva kuti kuno kuli munthu akuopa kampeni."

Ndinayang'ana chitseko, popeza nane ndinkafunika mkhalapakati. "Chitseko, uwauze kuti si mpeni wokha. Diso latsala limodzi."

"Dengu, mwana wanga analinso mmodzi. Analowa m'chikuta osafunsa kuti ena amatuluka, ena satuluka."

Ndinati, "Chitseko, uwauze kuti ndilibe wondilonda. Abale anga ali kutali."

"Dengu, uwafunse ngati tinawasudzula."

Kusudzula ndi kumasula wamasiye maliro akatha, kuti abwerere kwawo ngati munthu wopanda mangawa. Akuchikazi anali asanachite zimenezo.

"Sitinawasudzule," anapitiriza. "Akadali katundu wathu. Ndipo kwathu sitibweza katundu wa eni ali wowonongeka. Lachitatu kukubwera lole ya Mchawa wina wa ku Chimaliro, yodzera kuchipatala. Uwauzenso kuti malaya avala motembenuza. Ndawaona ndi kumsana."

Sindinganene kuti ndinasankha. Ndinanyamulidwa. Pa lole ine ndinakhala kutsogolo ndi dalaivala, iwo pamwamba pa matumba, atayang'ana kumene tikuchokera, dengu lili pamiyendo.

Za mpeni ndinena mwachidule. Anandidonthezera mankhwala, diso linachita dzanzi, ndipo ndinaona kuwala kukugwedezeka ngati madzi a m'beseni. Dokotala ankaimba nyimbo ya tchalitchi chapansipansi, ya maliro, mwina chifukwa ndi yokhayo ankaidziwa bwino. Kenako mdima, bandeji, ndi matumba a mchenga m'makutu.

Tsiku loyamba ndinamva namwino akukalipa. Apongozi anali atakhala pambali pa bedi monga anauzidwa, koma chofulatira, akulonda khoma.

"Mayi, manja ali kumbuyo kwanu! Muwaona bwanji?"

"Dengu, umuuze mtsikanayu kuti ife sitinaleredwe ndi mbuzi."

Anakangana mpaka apongozi anang'amba mpendero wa nsalu yawo, n'kumanga mbali imodzi padzanja langa lamanja, ina padzanja lawo. Lamanzere analimangirira kuchitsulo cha bedi. Ndikangoti ndikweze dzanja, ankakoka ngati akoka mbuzi yolowa m'dimba la eni. Umo ndi momwe anandilondera osandiyang'ana.

Fodya anawaletsa, chifukwa akafwenthera ine ndikanayetsemula. Ichi chinawapweteka kuposa kugona pasimenti. Tsiku lonse ankadandaulira dengu: za phala la kuchipatala, za mapazi a namwino, za wodwala wa bedi loyandikana amene ankapemphera mokweza ngati Mulungu ndi wogontha. Tsiku lina dokotala atangotuluka, ndinamva mawu ake akubwereranso, koma kuchokera pansi, pafupi ndi dzanja langa.

"Ena apenyaaa. Ena sapenyanso konseee. Tiyeni tipemphere."

Anamutsanzira mpaka kakhosomo kake. Mimba yanga inayamba kugwedezeka. Ndinaluma lilime, ndinafinya chitsulo cha bedi, ndinatchula mumtima mitsinje yonse ya ku Ulaya. Ndipo pakati pa kulimbana ndi kusekako ndinazindikira kumene mkazi wanga anatenga matenda amenewa. Mawu ake omwe, kupuma kwake komwe asanaponye nthabwala. Kuseka kunatembenuka n'kukhala chinthu china chotentha, chokwera kukhosi, chimene ndinali nditachikaniza kuyambira pamaliro. Chinasankha nthawi yomwe chinali choletsedwa ndi dokotala.

Kansalu ka padzanja kanakokedwa, koma pang'onopang'ono.

"Dengu, uwauze asunge. Asunga miyezi yonseyi, asungenso pang'ono. Akalira pano ndiye kuti fodya wanga ndamusiya pachabe."

Ndinasunga.

M'mawa wochotsa bandeji dokotala anati wachibale agwire mutu kuti usagwedezeke. Iye za upongozi sankazidziwa, ndipo dengu silikanatha kumufotokozera. Ndinamva manja okhakhala, onunkhira tiyi ndi utsi, akundigwira m'masaya. Bandeji inachoka. Ndinaona kuwala kopanda m'mphepete, koyera, kopweteka. Mtima unagwa. Kenako dokotala anaika galasi lochindikala patsogolo pa diso, ndipo dziko linabwerera ndi ngodya zake zonse.

Choyamba kuona chinali nkhope ya apongozi anga. Anali ataiwala kutembenuka. Anali ataweramira pafupi, kukamwa kuli yasa, akusuzumira kuti aone ngati disolo lili moyo. Mphini ziwiri patsaya lililonse. Imvi zotuluka m'mpango. Koma mphuno inali ija, chipumi chinali chija, ndi mlomo wokhotera kumanzere ngati ukubisa chipongwe. Ndinaona mkazi wanga pa msinkhu umene sadzafikapo.

Tinayang'anana nthawi yokwanira kuti mudzi wonse utilipiritse nkhuku.

"Dengu," anatero, osachotsa manja, "uwauze atsinzine. Aona zokwanira."

"Mukuona chiyani?" anafunsa dokotala.

"Ndikuona," ndinatero. "Kodi tsopano ndingalire?"

Anaganiza kaye, monga munthu woyeza mankhwala. "Pang'ono."

Ndinapitirira mlingo wa dokotala. Diso silinakhuthuke.

Ndinabwerera kusikelo ndi magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo, ndipo zokolola za esiteti zinatsika tsiku lomwelo. Mvula itatha akuchikazi anandisudzula bwinobwino. Apongozi amalowabe m'tiyi tikakumana, ngakhale tsopano sindine kanthu kwa iwo, ndipo ine ndimayang'anabe mitambo. Nsalu yabuluu ndi nsalu yabuluu. Ili ndi kachigamba pangodya kamene sindinkakadziwa, kosokedwa ndi ulusi wosiyana mtundu. Ndinaitumiza kwa apongozi kudzera kwa mayi wina, koma inabwerera tsiku lotsatira m'dengu, pansi pa masamba, ndipo inawonjezera kulemera kwa tiyi wawo. Ndinawerengera momwemo.

M'mawa uliwonse ndisanavale malaya ndimayang'ana msoko. Ndimauona bwino tsopano, ulusi uliwonse. M'mawa wotsiriza uja sindinkauona. Mkazi wanga anali atagona, thupi likutentha, ndipo ine ndinkathamangira kukapempha machira kwa kapitawo kuti timunyamule. Ndinawerama pafupi kwambiri, mphuno kukhudza mphuno, kuti ndione nkhope yake kupyola nkhungu ija. Anakweza dzanja. Ndinkayesa akufuna kundigwira kumaso, koma zala zake zinaima paphewa, pamsoko, n'kuutsina.

"Akalaliki, mwavalanso motembenuza. Pitani akalikonze disolo. Mukundichititsa manyazi."