Tenti Pakhomo pa Ba Ennie

Mukafika ku Matero n'kufunsa za ba Ennie a salaula, aliyense akulozerani, ngakhale wogulitsa tomato wobwera dzulo. Ndi mayi wamfupi, wa mawu aakulu, amene amadziwa saizi ya m'chiuno mwanu musanatsegule pakamwa. Koma musawapeputse powaona atakhala pa mulu wa zovala zakale. Mayi ameneyu anamaliza Fomu Faivi mu 1978, nthawi imene mwana wa m'komboni akamaliza sukulu ntchito inkachita kumudikira pakhomo. Bambo awo, ba Lazarous, anachoka ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo nyumba ya khonsolo imene anasiya ndi imene ba Ennie akukhalamo mpaka lero. Zaka khumi ndi zinayi mayiyu anataipa makalata pa kampani ina ya boma yosoka zovala, nsapato za gogoda zikulira m'khonde. Kenako kampaniyo inagulitsidwa, ogulawo anatseka geti, ndipo ba Ennie anayamba kugulitsa zovala zakunja zomwezo zimene zinapha ntchito yawo. Dziko ili, abale!

M'kalasi mwawo analimo ana makumi atatu ndi asanu ndi atatu. Pofika 1998, khumi ndi mmodzi anali atagona kale, ambiri a iwo ku manda a Chingwere. Otsalawo ankakumana ndithu, koma nthawi zonse pambali pa dzenje, fumbi lili m'kamwa, akunong'onezana kuti, "Tionane bwino tsiku lina." Tsiku linalo likafika, linkakhalanso la maliro.

Chimene chinawapweteka ba Ennie chinachitika poika ba Kapambwe, mnzawo wa m'kalasi. Ataponya maso kumbuyo, anaona munthu ataima yekha pakati pa manda akale, jekete ikulendewera m'mapewa. Anali ba Nason Nkole. Nason, munthu amene ankawerenga mayina pa mzere wa m'mawa, amene aphunzitsi a masamu akadwala ankatenga choko n'kuphunzitsa yekha! Ali Fomu Fili, ba Ennie analephera masamu kawiri, bambo awo n'kunena kuti basi, mtsikana aphunzire kusoka. Nason ndi amene ankatsala nawo pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa kalasi, akulemba manambala padothi ndi kamtengo, mpaka anakhoza. Pambuyo pake Nason anakhala mkulu pa ofesi ina m'tauni, wa galimoto ndi tayi. Ofesiyo itatsekedwa, munthu anangosowa. Kunamveka kuti ali ku Chazanga, akugulitsa makala pa njinga. Pa malirowo ba Ennie anayesa kudutsa pakati pa anthu kuti amupatse moni, koma pofika pamene anaima paja anapeza mapazi okha padothi.

Anabwerera kunyumba mtima uli m'malere. Ankaopa, ndipo ankanena poyera kuti akuopa: tsiku lina adzamva kuti Nason wapita, kapena iwo ndi amene adzatsogole, asanakhale pansi n'kudya limodzi ngakhale mbatata imodzi. Ndiye anaganiza zoitana kalasi yonse, Loweruka ndi Lamlungu, popanda bokosi pakati.

Anayamba ndi ba Virginia, mnzawo wa pa desiki limodzi, amene anali akadali pa ntchito ku banki. Ba Virginia anaombera m'manja.

"Yabwino iyo, mwandi! Tizapeza holo mu tauni, na bandi, na chitenge chimozi tonse. Bamuna masuti."

"Iwe Virginia, masuti bazayachosa kuti? Banthu bagula unga wa pamela, ka pepala kamozi pa siku. Ukakamba holo, uzavina weka na bandi yako."

Anakangana mpaka tiyi anazizira, koma ba Ennie akagwira chinthu sataya. Zinatha motere: aliyense abwere ndi chimene chili m'nyumba mwake, kaya kapenta, kaya chibwabwa, kaya manja okha. Onse agone kwa ba Ennie. Loweruka masana ayende wapansi kukaona sukulu yawo yakale, Lamlungu apemphere limodzi n'kubalalika. Uthenga anapatsidwa ba Lemmy, amene kale anali goloboyi wa timu ya sukulu ndipo tsopano ankayendetsa minibasi ya ku Mandevu. Munthu ameneyo akamva kanthu m'mawa, pofika masana Lusaka yense wamva.

Kwa Nason kokha ba Ennie anapita okha. Anakwera mabasi awiri, nafunsa njira kwa amayi otunga madzi, mpaka anafika pa kanyumba ka zidina zosawotcha. Mkazi wake anatuluka, nagwada mwaulemu, nati bambo achokapo. Chonsecho njinga ili poteropo yotsamira khoma, ndipo nsapato zachimuna zili pakhomo. Ba Ennie anasiya uthenga mokweza mawu kuti ndi makoma omwe amve, nabwerera manyazi atawagwira ngati iwo ndi amene abisala. M'basi analira pang'ono, n'kunamizira fumbi.

Tsopano tamverani mmene anthu ophunzirawa anakonzera chisangalalo chawo. Nyumba ndi ya zipinda ziwiri, ndiye amuna agona kuti? Ba Ennie anakabwereka tenti ku mpingo, yobiriwira ija ya zigamba, poti ndi yokhayo yopezeka ulere. Akazi agona pati? Anatulutsa mipando, tebulo ndi kabati n'kuziika panja, m'nyumba n'kuyala mphasa. Unali mwezi wa Juni, kozizira, ndiye ba Lemmy anabweretsa zitsa ziwiri zikuluzikulu n'kuzitula pafupi ndi tenti kuti amuna aziwotha. Ba Ennie, ba Lemmy ndi ba Virginia, anthu atatu a Fomu Faivi, anaima n'kuyang'ana ntchito yawo, nakhutira. Palibe ndi mmodzi yemwe anaona chimene anamanga. Zaka zonsezi njira yosonkhanira imene manja awo anaizolowera inali imodzi yokha.

Lachisanu masana ba Ennie ali kuseri akusankha nyemba, anangomva mfuu pa geti.

"Mayo ine! Ba Ennie mwatisiya bwanji! Dzulo chabe tenze pamozi pa pompi!"

Anali ba Maud a nyumba yachitatu, chitenje chili m'chiuno, duku kumutu, akulowa ndi maliro monga mwa mwambo, kumbuyo kwawo amayi ena anayi akulandiza. Ba Ennie anatulukira ndi lichero m'manja. Ba Maud anakuwa kachiwiri, ulendo uno mwa mantha enieni, nakhala pansi pa fumbi. Kunali kuseka kumeneko mpaka anthu kugwira nthiti. Ba Ennie anazungulira mzere wonse wa nyumba akudzionetsa kuti ali moyo, koma mbiri inali itakwera kale basi.

Anzawo a m'kalasi anafika Loweruka m'mawa, anthu khumi ndi asanu ndi anayi. Wina anabwera ndi nkhuku, wina ndi chigubu cha thobwa la munkoyo, wina ndi chithunzi cha kalasi chimene mphemvu zinadya m'mbali. Anayamba kuitanana mayina a kusukulu, azibambo a mimba zawo n'kumayankha ku mayina oti ana awo asamve. Anakumbutsana za mabanzi a pa geti, aakulu ngati chibakera, ndi mkaka umene ankagawa ulere pa nthawi yopuma. Anakumbutsana za mphunzitsi wa jogalafe amene ankajambula Zambia pa bolodi osayang'ana, ndi tsiku limene ba Lemmy anagwira mpira ndi nkhope. Ba Ennie ankaseka nawo, koma maso anali ku geti. Nyumba inadzaza, ndipo kwa iwo inali yosakwana.

Cha m'ma teni, ba Ennie ali m'khitchini, munthu analowa pa geti akukankha njinga yopanda katundu. Malaya ake anali akuda ndi makala, thalauza lomanga ndi mphira m'miyendo, thukuta litalemba mizere pankhope. Anatsamiritsa njinga ku mpanda, navula chipewa, nalowa mu tenti chowerama n'kukhala kumapeto kwa benchi. Kuti amuna ankaseka sizinamudabwitse, poti pa maliro a m'tauni amuna amaseka ndithu, ena mpaka kusewera dirafuti. Amuna onse anacheuka kumuyang'ana. Iye anatembenukira kwa ba Lemmy osakweza maso.

"Vachitika liti? Benze bodwala?"

Nthawi yomweyo ba Ennie anatuluka ndi beseni la mbatata zophika, akukalipira ba Virginia za mchere.

Nason anaimirira. Chipewa chinagwa. Anayang'ana mayiyo kuyambira kumutu mpaka ku mapatapata, kenako nkhope inauma.

"Mwaninamiza," anatero. "Munzanga wa malasha anapita pano dzulo, ati pa nyumba ya ba Ennie pali tenti, mipando ili panja, bazimai balira. Nasiya masaka pa museu. Mwanichita bwanji so, pamenso pa banthu?"

"Palibe wakunamizani, ba Nason," anatero ba Ennie. "Tenti ni yobwereka, ndiye yamene tingakwanise."

Iye anadziyang'ana, manja akudawo ndi zala zotuluka mu nsapato, nayang'ananso ba Virginia ndi mafuta awo onunkhira. Anatola chipewa n'kuyamba kulowera ku njinga. Apa ba Ennie anatula beseni pansi mwamphamvu mpaka mbatata ziwiri zinagubuduka, ndipo mawu aja a kumsika anatuluka onse.

"Imani apo! Nabwera kwanu na mendo yanga, munabisala. Lelo mwamvera ati nafa, mwathamanga osasamba na kumenso. Kansi ine nikhale mutembo kuti munione? Chamene mutembo ungakupaseni, chamene ine nilibe, ni chani?"

Nason anaima, dzanja lili pa chishalo cha njinga. Anayankha motsitsa, koma aliyense anamva.

"Mutembo siuyangana vovala."

Palibe anaseka. Ba Virginia anaweramitsa mutu. Nason anapitiriza, akuyang'ana pansi.

"Njira yonse kuchoka ku Chazanga nenze kukonza mau yokamba pa manda yanu. Nenze kulira pa njinga monga mwana, mamotoka yaniimbira mabelu."

"Kambani manje," anatero ba Ennie, misozi ikutsika osaipukuta. "Matu yakali pano. Ku Chingwere sinizamvera."

Munthu amene kale ankayankhula pamaso pa sukulu yonse popanda pepala anakweza maso. Mawu anabwera osweka.

"Nenze nifuna kukamba ati pepani, Ennie. Zaka zisanu nakuthawani, imwe na bonse aba. Nenze na nsoni. Ninakuyewani, ninakusowani maningi."

Ba Ennie anayenda mpaka pamene anaima, nachotsa dzanja lake pa njinga, naligwira ndi awo onse awiri, makala ndi makala omwewo. Anakhala choncho kanthawi, amayi ena akufwenthera m'zitenje.

"Mugona kuno lelo," anatero.

"Nilibe vosinthira."

"Nindani wakufunsani?"

Ba Lemmy anasendera pa benchi, napukuta malowo ndi chikhatho. Nason anayang'ana geti kamodzi, kenako anabwerera mu tenti n'kukhala pakati pa anzake.